Kodikodi Pansi pa Msomali wa Jekete

Zaka zinayi chitsegulireni shedi yake ya maluwa a okidi, Wamaluwa anali asanaonemo kodikodi ngakhale mmodzi, ndipo ankanyada nazo. Amene anasungako maluwa amenewa angamumvetse. Okidi ndi wamatama: dothi safuna, amafuna makungwa, dzuwa likachuluka amapsa, likachepa amanyanyala, ukamuthirira mowolowa manja amaola mizu n'kukusiya ukudzifunsa chimene walakwa. Mtsikanayu ankawadziwa matama onsewo chifukwa anakulira pakati pa miphika ya bambo ake, omwe pomwalira anamusiyira malamulo awiri. Loyamba, duwa lachilendo likhale palokha masabata atatu lisanalowe m'shedi. Lachiwiri, tizilombo sitigwa ngati mvula. Ukationa, funsa kuti walowa ndani.

Lachisanu m'mawa akuthirira, anaona nyerere zikukwera mwendo wa benchi ya pakona. Nyerere siziyenda ulendo wopanda phindu. Anazitsatira ndi maso mpaka pa mphika wachitatu, n'kutembenuza tsamba. Kunsi kwake kunali mbee, ngati wina wanyenyerapo thonje, ndipo chala chake chinamata. Anali kodikodi, tizilombo toyera tija timayamwa duwa mwakachetechete mpaka kulifoola.

Anatembenuza masamba a benchi yonse, kenako a shedi yonse, miphika yoposa mazana awiri. Kwina konse kunali bwinobwino. Tizilomboto tinali pa miphika isanu yokha, ndipo isanu yonseyo inali pansi pa msomali umodzi wokhomedwa pansanamira. Wamaluwa anauyang'ana msomaliwo nthawi yaitali. Pamenepo sipankakolekedwa china chilichonse koma jekete la Jekete.

Dzina limeneli anam'patsa ndi mkulu wake wa Wamaluwa, chifukwa mnyamatayo, wokonza zamagetsi, ankavala jekete lotuwa ngakhale kunja kutatentha moti agalu atulutsa malilime. Anabwera miyezi isanu ndi itatu yapitayo kudzakonza fani ya m'shedi. Faniyo anaikonza tsiku limodzi, koma anapitiriza kubwera kudzaimvetsera ngati ikuzungulira bwino, mpaka ngakhale oyandikana nawo anazindikira kuti nkhani si ya fani. Tsopano ankafika Lachinayi lililonse cha m'ma folo, n'kukoleka jekete pamsomali, n'kufunsa kuti, “Abwana, lero tigwire iti?” Wamaluwa ankamukonda, kukonda kwenikweni kuja kumam'chititsa munthu kumwetulira yekha akutsuka miphika. M'mawa umenewu sanamwetulire.

* * *

Mkulu wake anam'peza atakhala pandowa, thonje ndi botolo la sipiriti zili pamiyendo, osagwira kanthu.

“Wafedwa?”

“Kodikodi, asisi.”

“Nanga si mankhwala ake uli nawo pamiyendopo? Pukuta basi.”

“Kupukuta ndipukuta. Funso langa n'lakuti wabwera bwanji. Kachilombo aka kamayenda pang'onopang'ono, tsiku lonse sikangamalize benchi iyi. Kuti kafike kutali kamachita kukwera: paduwa, pansanza, pamalaya a munthu. Ine duwa lachilendo sindinalowetse.”

Mkulu wakeyo anayang'ana miphika, anayang'ana msomali, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira nsanamira.

“Ndiye kuti alamu anga asanduka basi ya tizilombo?”

“Musaseke. Jekete limenelo lisanafike kuno limakhala litakhudza duwa lodwala, ndipo si kamodzi. Iye duwa ali nalo limodzi, lomwe ndinam'patsa ine, ndipo linachoka muno lilibe kanthu.”

Duwa limenelo silinali wamba. Linali mwana wa okidi woyera wa bambo ake, amene anauma chaka chatha atangophukira kamwana kamodzi pambali. Wamaluwa anakalera kamwanako ngati khanda. Tsiku limene Jekete anamuuza kuti alibe wina ndipo sadzakhalanso ndi wina, anakapereka m'manja mwake, atamanga ulusi wofiira pakamtengo kochirikiza, mfundo ziwiri, monga ankamangira bambo ake. Pa zonse anali nazo, chimenecho chokha ndicho sakanagulitsa.

Anatenga foni n'kulembera Jekete: “Mwana wathu ali bwanji?”

Yankho silinachedwe. “Akukula bwino, abwana. Watulutsanso mphukira ya maluwa.”

“Ndimuone.”

Apa ndiye panapita mphindi zambiri. Chithunzi chitafika, chinali chojambulidwa pafupi kwambiri, masamba okhaokha ndi ulusi wofiira, ngati wojambulayo ankaopa kuti khoma lingalankhule. Mkulu wake analanda foniyo n'kutambasula chithunzicho ndi zala. Pakona, kuseri kwa tsamba, panaoneka m'mphepete mwa galasi, ndipo m'galasimo munali mzere wa timabotolo tofiira ndi tapinki.

“Alamu ayamba liti kupaka zikhadabo?” anafunsa, koma kuseka kunali kutatha. Anatambasulanso. “Galasi ili ndikulidziwa. Ukuuona mng'alu uwu? Ndakhalapo patsogolo pake kangapo ndikulukitsa tsitsi. Ndi kwa Zikhadabo uku.”

Wamaluwa sanafunikire kufotokozeredwa. Zikhadabo anali mwini saluni, mwana wa mnzawo wapamtima wa mayi ake a Jekete. Mayi amenewo anali atakana kawiri konse kuonana ndi Wamaluwa, akuti alibe nthawi ya mtsikana wa dothi m'zala, pomwe Zikhadabo mayiwo ankamuitana poyera kuti “mpongozi wanga.” Jekete ankati zimenezo ndi zolankhula za achikulire, zisamudye mutu. Tsopano mwana wa duwa la bambo ake anali pakati pa timabotolo ta mkazi ameneyo. Nsanje inam'gwira, ndipo anadzuka pandowa paja.

* * *

Anapirira Loweruka ndi Lamlungu. Lolemba kupirira kunatha.

Saluniyo inali chipinda chimodzi chachitali, cha mipando itatu ndi magalasi awiri, chodzaza ndi fungo la mankhwala a tsitsi. Pakhomo panali chitsamba chachikulu cha mumphika, ndipo Wamaluwa asanapereke n'komwe moni anaona thonje loyera m'makhwapa mwa masamba ake, nyerere zili piringupiringu. Gwero la matenda linali limenelo. Duwa lake analiona kumapeto kwa chipinda, pashelefu ya pakona, kutali ndi windo. Ngakhale pakati pa mkwiyo, mtima wa ntchito unadandaula: munthu uja ndinamuphunzitsa kuti duwa la mphukira limafuna kuwala, ndiye waliika mumdima bwanji?

Tinene zoona, Zikhadabo anali wokongola, wamtali, wa khosi losalala, ndipo zimenezi zinamupweteka Wamaluwa kuposa zonse. Akanakhala wosaoneka bwino mwina akanamukhululukira.

“Takulandirani, asisi. Tiluke, tichape, kapena tikonze timanjato?” Maso ake anali pa zikhadabo za Wamaluwa, zazifupi, zakuda m'mphepete.

“Ndimangodutsa. Ndaona duwa lanulo, ndiye ine ndine wa maluwa.”

“Ndikukudziwani. Ndani sakudziwani? Lioneni ndithu, mwina mutithandiza. Lagwidwa ndi tinsabwe toyera.”

Wamaluwa analinyamula mosamala. Ulusi wofiira unalipo, mfundo ziwiri. Anatembenuza masamba ndipo anapeza kuti wina amawapukuta bwino lomwe, kunsi ndi pamwamba, mpaka m'makhwapa. Mphikawo unali utakhazikidwa pakambale kovundikira pakati pa mbale ya madzi, kuti nyerere zisawoloke. Pambali panali kamtengo ka machesi kong'ambidwa kunsonga, atakulungako thonje. Iyi inali ntchito yake yeniyeni, koma yogwiridwa ndi manja a wina, ndipo munthu amene anamuphunzitsa kung'amba machesi motero anali mmodzi yekha padziko.

Anamuphunzitsanso china. Sipiriti amapha kodikodi amene ukumuona, koma mazira amabisala m'makungwa n'kuswa pambuyo pake, choncho umayenera kubwereza sabata iliyonse, tsiku lomwelo, osadumphitsa, ndipo ukamaliza umalemba kamzere ndi pensulo pa kachikwangwani ka mumphika kuti usasokoneze. Wamaluwa anazula kachikwangwaniko n'kukatembenuza. Timizere tinalipo tisanu ndi tiwiri, toongoka bwino, ta munthu wozolowera kulemba pa mawaya. Masabata seveni akum'namiza.

“Amene akulipukutayu akuidziwa ntchito,” anatero.

“Ali ndi manja ofewa, asisi, simungakhulupirire kuti ndi a magetsi. Lachinayi lililonse thu koloko ali pano. Amakhala pampando uwo, jekete lili m'thupi, tsamba ndi tsamba mpaka hafu fili. Ine ndimangomuonera pagalasi. Akamaliza amati ali ndi kantchito kena kothamangira.”

Kantchito kenako kanali iyeyo. Jekete ankachoka pano, jekete litakhudza masamba odwala ndi fungo la saluni, n'kukalikoleka pamsomali wake, n'kumamuitana kuti abwana.

“Munalipeza kuti duwali?”

“Mphatso. Anandibweretsera ndi apongozi anga. Chabwino, sanafike pokhala apongozi, koma kwatsala pang'ono.” Zikhadabo analoza ndi chala cha nsonga yofiira. “Mukuiona mphukirayo? Timitu ta maluwa seveni, ndimatiwerenga m'mawa uliwonse. Mayi anati tsiku limene kamodzi kadzamasule, adzavala bwino n'kupita kukaonana ndi makolo anga. Ndiye poti ndinu katswiri, tandiuzeni, kwatsala masiku angati?”

Wamaluwa anayang'ana timituto. Tinali tobiriwira, tolimba, topanda banga. Pakona yamdima ngati iyi tikanatenga mwezi ndi theka; pawindo, masabata atatu. Ndiye kuti duwa la bambo ake, limene analera ndi manja ake, ndilo lidzatsegule chitseko cha ukwati wa mkazi wina, ndipo Jekete ankabwera sabata ndi sabata kudzaonetsetsa kuti lisafe lisanagwire ntchitoyo.

“Lero sindinatenge zida,” anatero akubwezera mphika pamalo pake. “Ndibwera Lachinayi.”

“Mwachita bwino. Mudzam'peza ali pano, mudzathandizane.”

* * *

Lachiwiri ndi Lachitatu anathera m'shedi mwake. Anatulutsa miphika isanu ija n'kuiika payokha kuseri kwa nyumba, anapukuta tsamba lililonse ndi thonje la sipiriti, anapopera madzi a sopo dzuwa litapepa kuti masamba asapse, anatsuka benchi, anatsata nyerere mpaka kuuna wawo. Pomaliza anatenga pulayazi n'kuzula msomali uja. Pulayaziyo inali ya Jekete, anaiiwala mwezi watha, ndipo zimenezi zinangowonjezera mkwiyo.

Mauthenga ankalowa. “Abwana wakhala chete bwanji?” Patapita nthawi: “Ndakulakwira?” Kenako: “Lachinayi ndibwere ndi chiyani?” Wamaluwa ankawerenga onse, kawirikawiri, osayankha ngakhale umodzi.

“Mufunse munthuyo,” anatero mkulu wake atamuona akunola sizasi pamwala. “Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwina pali chimene sukuchidziwa.”

“Ndimufunse kuti andinamizenso kachisanu ndi chitatu? Timizere ndawerenga ndekha, asisi.”

“Nanga sizasiyo ndi ya chiyani? Ukufuna kukameta ndani?”

“Ndi ya ntchito. Kodikodi akalowa m'timitu, mphukira imadulidwa kuti duwa lipulumuke. Ababa ankatero.”

“Ankaterodi. Walowa m'timitumo?”

Wamaluwa anayesa sizasiyo pa tsamba louma ndipo inadula bwino. 

* * *

Lachinayi anafika thu koloko itangodutsa. Jekete anali pampando uja, mphika uli pamaondo, akuyendetsa thonje kunsi kwa tsamba mosamala, lilime lili kunja pang'ono monga ankachitira akaika mtima pa chinthu. Wamaluwa ankalikonda lilime limenelo, ndipo kuliona m'chipinda cha wina kunam'baya. Mnyamatayo anakweza maso, anamuona pagalasi, ndipo kamtengo ka machesi kanagwa pansi.

“Abwana,” anatero motsitsa.

Sanali awiri okha ndi Zikhadabo. Pansi pa chowumitsira tsitsi panali mayi wamkulu thupi, wa magalasi, chikwama chili pamiyendo. Mphuno yawo inali ya Jekete yeniyeni. Zikhadabo anali atakonza bwalo lake bwino.

“Mayi, katswiri ndinkanena uja ndi ameneyu.”

Mayiwo anakankhira chowumitsiracho m'mwamba n'kumuyang'ana Wamaluwa kuyambira kunsapato mpaka kumutu, osathamanga.

“Ndiye ndiwe.”

“Ndine, mayi. Muli bwanji?”

“Tilipo. Liyang'ane duwalo, utiuze tsiku. Mwana wangayu ndikamufunsa amangoti posachedwa, posachedwa.”

Kwa miyezi yambiri Wamaluwa ankalota tsiku loonana ndi mayi amenewa. Ankadziwa diresi imene adzavale ndi mawu amene adzayambire. Sanalotepo kuti adzaima pamaso pawo ngati waganyu woitanidwa kudzawerengera mkazi wina masiku. Anachotsa mphikawo pamaondo pa Jekete osamuyang'ana, n'kuuika patebulo pafupi ndi windo.

Anayang'ana mphukirayo kuyambira kutsinde mpaka kunsonga. Anatsegula timakoko ta pamfundo ndi nsonga ya machesi, mmene kodikodi amakonda kubisala. Munalibe kanthu. Anabwerezanso, kamutu ndi kamutu, onse asanu ndi awiri. Kachitatu anayang'ana ndi kagalasi kokulitsa ka bambo ake. Wophunzira wake anali atagwira ntchito yopanda chilema, ndipo duwalo linali litatsala pang'ono kuchiriratu.

Mwina akananena zoona. Mawu anali atafika kale pamlomo. Koma pokweza mutu anaona pagalasi Zikhadabo ataima kumbuyo kwa Jekete, akuchotsa kathonje pa phewa la jekete lotuwa lija ndi zala zake zofiira, pang'onopang'ono, ndipo atakachotsa dzanja linatsalira pomwepo. Jekete anasuntha phewa, koma anachedwa. Mayi aja anamwetulira.

“Tizilombo talowa m'timitu,” anatero Wamaluwa, mawu ali phee. “Mphukira iyi ikasiyidwa, iyamwa mphamvu zonse ndipo duwa lifa. Iyenera kudulidwa.”

Jekete anaimirira. “Abwana, dikira kaye. Tiye panja tikambirane.”

“Tikambirane chiyani? Pa awirife anaphunzitsa mnzake ndani?”

“Ndapota nawe, usadule. Sukudziwa—”

“Ndikudziwa zambiri. Ndikudziwa mpaka seveni.”

Anapukuta sizasi ndi sipiriti, mbali zonse ziwiri, monga mwa lamulo, ndipo anadula mphukirayo patsinde. Kaphokoso kake kanali kakang'ono kwambiri. Zikhadabo anagwira pakamwa. Tisabise, chimwemwe chinam'fika Wamaluwa, chotentha, chokoma, chodzaza chifuwa chonse. Duwa la bambo ake silidzaperekeza ukwati wa mwini saluni. Chimwemwecho chinakhala naye nthawi yokwana kupuma katatu.

“Zoona zimenezi, iwe?” mayi aja anafunsa mwana wawo. “Tizilomboto tinalidi m'timitumo?”

Jekete anayang'ana mphukira ili m'dzanja la Wamaluwa, kenako anayang'ana pansi. “Akuidziwa ntchito yawo, mayi.”

“Chabwino. Ndiye limasulanso liti, mtsikana?”

“Chaka chamawa, likasamalidwa bwino.”

“Chaka?” Mayiwo anaseka n'kuwomba m'manja kamodzi. “Ine kuchedwa konseku ndinkamvera uyu. Ndinafuna kupita mwezi wathawu usanayambe, iye n'kundigwira miyendo: mayi dikirani duwa limasule, mayi mudzapite litachita maluwa, zidzaoneka bwino. Ndinalola poti ndi mwana wanga. Tsopano duwa palibe, chodikiranso palibe.” Anatembenukira kwa Zikhadabo, amene nkhope yake inali itayamba kale kuwala. “Mwana wanga, uwauze amayi ako atiyembekezere Loweruka lomwe lino.” Kenako anam'gwedezera mutu Wamaluwa, ndipo kanali koyamba kumuyang'ana mokoma. “Zikomo, mtsikana. Wandithandiza.”

Anakokera chowumitsira tsitsi pamutu pawo n'kutsegula chikwama, kufunafuna foni.

* * *

Wamaluwa sanadziwe mmene anatulukira. Anangozindikira ali pakhonde la sitolo yoyandikana, dzuwa likumuwomba kumaso, sizasi dzanja lina, mphukira dzanja lina. Jekete anam'peza pomwepo.

“Masabata seveni,” anayamba Wamaluwa, poti munthu akalakwa amathamangira mlandu wa mnzake. “Masabata seveni ukundiuza kuti lili kwanu. Wandibweretsera kodikodi m'shedi ndi jekete lakoli. Mapanga awiri avumbwitsa, sunamve?”

“Phanga ndili nalo limodzi, ndipo ukulidziwa.” Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukalipa. “Mayi analipeza kuchipinda kwanga ine ndili kuntchito. Atamva kuti linachokera kwa iwe, analinyamula n'kudzalipereka kuno. Pofika ine linali litatenga kale matenda ku chitsamba cha pakhomocho. Ndikanalilanda tsiku lomwelo, mayi akanapita kwa makolo a Zikhadabo m'mawa mwake. Ndiye ndinawapatsa choti adikire.”

“Bwanji sunangowauza kuti ayi? Ulibe pakamwa?”

“Ndinawauza kanayi. Mayi anga mawu anga amawamva ngati wailesi ya oyandikana nawo. Amene amawamvera ndi amalume okha, ndipo amalume akubwera kumapeto kwa mwezi wamawa. Ndinalankhula nawo kale za iwe, ali mbali yathu. Ndinkangofuna masabata ena sikisi. Ukuganiza kuti ndinaliika pakona yamdima chifukwa ndinaiwala zimene unandiphunzitsa? Zikhadabo amati akalisunthira pawindo, ine Lachinayi n'kudzalibweza. Ndinkafuna lichire, koma lisafulumire.”

Wamaluwa anakumbukira shelefu ija, ndi mmene anam'nyozera mumtima kuti ndi wophunzira wosamva. 

“Ukanandiuza.”

“Ndikanakuuza, inde. Pamenepo ndinalakwa, ndinachita mantha, ndipo za kodikodi wa m'shedi ndipepese. Koma unene zoona: ndikanati duwa la bambo ako lili m'saluni ya mkazi uyu, ukanandimvera mpaka kumapeto?”

Sakanamumvera, ndipo onse awiri ankadziwa.

“Nanga dzanja lija paphewa?” anafunsabe, chifukwa nsanje siifa tsiku limodzi.

“Dzanja ndi lake, phewa ndi langa. Ndinasuntha.”

“Unachedwa.”

“Iwe unafulumira.” Jekete anayang'ana mphukira ija. Timitu tonse seveni tinali tikadali tobiriwira, tosadziwa kuti tadulidwa. “Unandiphunzitsa kuti tisanadule tiziyang'ana kawiri. Unayang'ana kangati?”

“Katatu.”

“Unapeza chiyani?”

Wamaluwa anayesa kunamanso, koma pakhonde panalibe galasi, panalibe Zikhadabo, panali munthu yekhayo amene anapukuta timituto ndi manja ake masabata seveni.

“Palibe,” anatero.

Jekete anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatsegula pakamwa ngati anene china, koma chitseko cha saluni chinatseguka ndipo Zikhadabo anasuzumira, akumwetulira ndi mano onse.

“Mayi akukufuna. Akuti jekete lakolo lipite kochapitsa lero lomwe, lisadzawachititse manyazi Loweruka.”

Mnyamatayo anaima kanthawi pakati pa chitseko ndi khonde. Kenako anatulutsa m'thumba kabotolo ka sipiriti ndi thonje lotsala, n'kuziika m'dzanja la Wamaluwa pamwamba pa sizasi.

“Lero sindinamalize kupukuta masamba awiri akumunsi, ndipo kamzere sindinalembe,” anatero. “Folo koloko sindibwera.”

Analowa, chitseko n'kutsekeka. Wamaluwa anatsala pakhondepo ndi mphukira ya bambo ake m'manja. Anali ataphunzira kuchiza mizu yoola, masamba opsa ndi tizilombo ta mtundu uliwonse, koma palibe amene anamuphunzitsa kubwezera chimene wadula. Masabata sikisi amene Jekete anawasunga pakona yamdima anali atawasandutsa yekha masiku awiri.